Lightroom Classic patatha miyezi 15: zimene zinapulumuka laputopu itafa, ndi zimene zinapita

Mlungu wathawu mnzanga wina amene wangoyamba kumene kujambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, pulogalamu ija munkaiyamikira chaka chatha mukuigwiritsabe ntchito? Nanga mungandilangize kuti nanenso ndilipire?" Sindinamuyankhe pomwepo, chifukwa funso lakelo linandipeza ndili m'kati mosonkhanitsanso ntchito yanga pambuyo poti laputopu imene ndinkakonzera zithunzi inafa mwadzidzidzi. Zimene ndinalemba poyamba zokhudza Adobe Lightroom Classic, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, ndinazilemba mu Seputembala 2023, nditangoigwiritsa ntchito masabata atatu okha, ndipo ndinangonena kuti imatulutsa mitundu yabwino komanso kuti imathandiza kusankha zithunzi mofulumira. Mawu amenewo sanali abodza, koma sanakhudze nkhani imene yandivutitsa ndi kundipulumutsa m'miyezi 15 yapitayi, yomwe ndi ya malo amene ntchito yokonza chithunzi imasungidwa, ndiponso munthu amene ali ndi kiyi wa malowo.

Ndimajambula ndi Nikon D750, kamera ya mamegapikiselo 24, ndipo zonse ndimajambula mu RAW, kutanthauza mafayilo a NEF amene iliyonse imakhala pakati pa 25 MB ndi 30 MB. Ukwati umodzi, kuyambira kokonzekera mkwatibwi m'mawa, kutchalitchi, mpaka perekaniperekani atatha kuholo, umandipatsa zithunzi pafupifupi 1,800, zomwe ndi 50 GB kapena kuposerapo. Kuyambira pachiyambi zithunzizo ndinkazisunga pa hard drive yakunja ya 2 TB, ndipo kamodzi pamwezi ndinkazikopera pa hard drive yachiwiri. Pulogalamu yeniyeniyo pamodzi ndi catalog yake zinali m'laputopu yakale imene ndinagula kwa munthu wina wogulitsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito mu Lilongwe.

Zimene zimagwira bwino ntchito sizifuna mawu ambiri. Kukonza chithunzi chimodzi n'kukopera zokonzazo pa zina 200 zojambulidwa m'kuwala kofanana kumandipulumutsira maola ambiri pa ukwati uliwonse. Kuwala kosakanikirana kwa m'matchalitchi athu, momwe dzuwa la pawindo limakumana ndi mababu achikasu, kumawongoleka popanda vuto. Kubweza maluwa a pa diresi loyera la mkwatibwi popanda kudetsa nkhope yake, zomwe aliyense wojambula anthu akhungu lakuda atavala zoyera amadziwa kuvuta kwake, kumatheka bwino ndi chida chosankha munthu payekha. Smart Previews, timakope tating'ono ta mapikiselo 2,560 m'litali, timandilola kugwira ntchito hard drive nditaisiya kunyumba, ndiponso magetsi akathima batire imakhalitsa. Denoise, imene inabwera mu Epulo 2023, imachotsa bwino timadontho ta zithunzi za usiku, ngakhale kuti laputopu yanga inali yofooka moti inkatenga mphindi zingapo pa chithunzi chimodzi, choncho ndinkaigwiritsa ntchito pa zithunzi zochepa zokha.

Chimene sindinachimvetse m'masabata atatu oyamba aja n'chakuti pulogalamuyi sikhudza fayilo ya RAW ngakhale pang'ono. Mukawalitsa chithunzi, kuchidula m'mbali kapena kuchipatsa nyenyezi zinayi, fayilo ya NEF imakhalabe mmene inatulukira m'kamera, ndipo zimene mwachitazo zimalembedwa ngati malangizo m'fayilo ina, yothera ndi .lrcat, imene imatchedwa catalog. Catalog ili ngati kaundula: mulibe zithunzi zenizenizo, koma muli dzina la chithunzi chilichonse, njira yopitira kumene chili, ndi zonse zimene munachichita. Zithunzi zimene mumaona pa sikirini ndi makope owonera chabe, osungidwa m'foda ina pafupi ndi kaundulayo. Ubwino wake ndi woti simungawononge chithunzi choyambirira ngakhale mutalakwitsa chotani. Koma zikutanthauzanso kuti ntchito ya miyezi yambiri ikhoza kukhala m'fayilo imodzi yokha, ndipo kaundulayo amangodziwa njira imene munamuuza. Mukasuntha foda iye osadziwa, amapitabe kumalo akale n'kukapeza palibe kanthu.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa m'mwezi wachinayi. Ndinafuna kuika dongosolo pa hard drive, choncho ndinatsegula File Explorer ya Windows n'kusamutsa mafoda angapo, ena n'kuwasintha mayina. Tsiku lomwelo ndinayambanso kulumikiza chowerengera khadi la kamera ndisanalumikize hard drive, moti Windows inapatsa hard drive chilembo F m'malo mwa E chimene inali nacho kale. Nditatsegula pulogalamuyo ndinapeza mafoda onse ali ndi chizindikiro cha funso, ndipo zithunzi zinali ndi kachizindikiro kosonyeza kuti zasowa. Njira yoyenera inali yosavuta: kudina foda yaikulu ndi batani lakumanja, kusankha "Find Missing Folder", n'kuilozera malo atsopano. Ine nditabwezeretsa chilembo cha hard drive ndinaona kuti mafoda ena akadali osowa, ndipo chifukwa cha phuma ndinasankha "Synchronize Folder". Kabokosi kamene kanatuluka kananena momveka kuti kachotsa m'catalog zithunzi zosowa n'kulowetsa zimene kapeza ngati zatsopano, koma sindinawerenge. Zithunzi za chinkhoswe china zoposa 300, zimene ndinali nditamaliza kukonza, zinabwerera zili mmene zinatulukira m'kamera.

Cholakwacho chinali changa ndekha, ndipo chinakula chifukwa cha chizolowezi china choipa. Potseka pulogalamuyi pamatuluka funso lokumbutsa kupanga backup ya catalog, koma ine kwa masabata ambiri ndinkangodina "Skip this time" pofuna kuzimitsa kompyuta msanga. Ndikanakhala ndi backup ya dzulo lake, ndikanabwezeretsa zonse m'mphindi khumi. M'malo mwake ndinachezera mausiku awiri kubwereza ntchito imene ndinali nditaichita kale, ndipo eni chinkhoswe analandira zithunzi zawo mochedwa.

Kuchokera pamenepo ndinasintha zinthu zingapo. Hard drive ndinaipatsa chilembo P kudzera mu Disk Management, chilembo chakutali chimene flash kapena khadi silingalande. Mafoda ndinayamba kuwasamutsa ndili m'kati mwa pulogalamuyo kuti kaundula azidziwa. Ndinaleka kusunga mayina a m'kamera, chifukwa Nikon imawerenga kuyambira DSC_0001 mpaka DSC_9999 kenaka n'kuyambiranso, ndipo tsiku lina mayi a mkwati wina atandipempha kuti ndiwatsukire DSC_0412 ndinapeza mafayilo atatu a dzina limenelo, a mabanja atatu osiyana. Tsopano chithunzi chilichonse chimalandira dzina polowa, loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka mtundu wa mwambo ndi nambala, ndipo mafoda ndinawaika motsatira chaka ndi tsiku lomwelo. Chomaliza, chimene panthawiyo ndinkachiona ngati chaching'ono, chinali kulowa mu Catalog Settings n'kuchonga pamene palembedwa "Automatically write changes into XMP". Pamenepa pamabwera posachonga, ndipo ojambula anzanga ambiri amene ndawafunsa sanapatsegulepo. Mafoda akale ndinawasankha onse n'kudina Ctrl ndi S kuti nawonso alembedwe. Backup ya catalog ndinayamba kuipanga mokhulupirika, koma sindinasinthe malo ake, moti inkasungidwa m'foda yotchedwa Backups pafupi ndi catalog yomweyo, pa disiki imodzimodzi ya m'laputopu.

Mu Novembala, Lolemba usiku, ndili m'kati mokonza ukwati umene ndinalonjeza kupereka Loweruka, laputopu inaima, ndipo nditaizimitsa sinayakenso. M'mawa mwake wokonza makompyuta anaitsegula n'kundiuza kuti SSD, disiki ya m'kati yosungira mafayilo, yafa ndipo kompyuta ina iliyonse siikuiona n'komwe. Catalog ya miyezi 14 inali mmenemo, ndipo ma backup ake onse, amene ndinkawapanga mosadumphitsa, analinso mmenemo. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerengera m'mutu maukwati amene eni ake anali asanatenge ma album, anthu amene amabwera patatha chaka kudzapempha chithunzi chimodzi cha agogo amene anamwalira, ndi zithunzi 420 za Loweruka zimene ndinali nditasankha pakati pa 1,700. Akwatiwo anali atalipira kale theka la ndalama, ndipo mkwatibwi anali atanditumizira uthenga kawiri kufunsa ngati zonse zili bwino.

Mlamu wanga anandibwereka kompyuta yake ya patebulo. Ndinagula bandulo, n'kuika pulogalamuyo, n'kutsegula catalog yatsopano yopanda kanthu. Ndinalumikiza hard drive, ndipo pa Import ndinasankha "Add" osati "Copy", kuti mafayilo akhale pamene ali. Ndinayamba ndi foda ya ukwati wa Loweruka yokha. Poyamba zithunzi zinaoneka mmene kamera inazijambulira, zina zakuda, zina zopendekeka, ndipo mtima wanga unatsika. Kenaka, chimodzi ndi chimodzi, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, zinayamba kusintha pamaso panga. Chithunzi cha akwati akutuluka m'tchalitchi chinawongoka n'kudulidwa ndendende pamene ndinachidula, nkhope ya mkwatibwi inawala, diresi linabwerera ndi maluwa ake, ndipo pansi pake panaoneka nyenyezi zisanu zimene ndinachipatsa sabata yapitayo. Mawu ofufuzira amene ndinalemba, monga "ankhoswe" ndi "kudula keke", analiponso, pamodzi ndi zizindikiro za mitundu zimene ndimasiyanitsira zithunzi za album ndi zongotumiza pa foni. Ndinakhala pampandopo nthawi yaitali osakhudza kanthu, ndikungoyang'ana mzere uliwonse ukudzaza, ndipo nditatsimikiza ndinaitana akazi anga kuti adzaone.

Chimene chinandipulumutsa ndi timafayilo tating'ono timene takhala tikulembedwa mwakachetechete pambali pa fayilo iliyonse ya NEF, tokhala ndi dzina lofanana koma tothera ndi .xmp. Ndinali nditationapo m'mafoda, ndipo nthawi ina ndinatsala pang'ono kutifufuta poganiza kuti n'zinyalala. Usiku umenewo ndinatsegula kamodzi mu Notepad kuti ndione zimene muli, ndipo ndinapeza kuti ndi mawu wamba owerengeka: mzere wina wonena kuchuluka kwa kuwala kumene ndinawonjezera, wina wa kutentha kwa mitundu, wina wa malire odulira, wina wa nyenyezi. Njira yolembera imeneyi Adobe inaiyambitsa mu 2001, ndipo mu 2012 inavomerezedwa kukhala muyezo wapadziko lonse wa bungwe la ISO, choncho si chinsinsi cha pulogalamu imodzi. Mafayilo a RAW a makampani opanga makamera, monga NEF, CR2 ndi ARW, amalandira kafayilo kapambali kotere, pamene a DNG, JPEG ndi TIFF amalembedwa m'kati mwawo momwemo. Popeza timafayiloti tinali pa hard drive pamodzi ndi zithunzi, imfa ya laputopu sinatikhudze. Lachitatu lonse kompyuta ya mlamu wanga inakhala ikulowetsa mafoda a miyezi 14, ndipo pafupifupi chilichonse chimene ndinakonza chinabwerera.

Ndanena kuti pafupifupi, chifukwa pali zinthu zimene XMP sinyamula, ndipo wofuna kuidalira ayenera kuzidziwa asanagwe m'vuto. Ma Collection onse anapita, ndipo ndi mmenemo mmene ndinkasunga zithunzi zimene kasitomala aliyense anasankha komanso ndondomeko ya masamba a album. Ma Virtual Copy anapitanso, kutanthauza kuti zithunzi zakuda ndi zoyera zimene ndinkapanga kuchokera pa zamitundu ndinafunika kuzipanganso. Mndandanda wa masitepe amene ndinadutsa pokonza chithunzi chilichonse unafufutika, ngakhale kuti zotsatira zake zomaliza zinalipo. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali zithunzi pafupifupi 80 za kuholo zimene ndinakonza Loweruka ndi Lamlungu ndili kwa makolo anga, pogwiritsa ntchito Smart Previews, hard drive ili kunyumba. Pulogalamu singalembe kafayilo kapambali pa hard drive imene sinalumikizidwe, ndipo Lolemba lija ndinapitiriza ntchito osailumikiza. Chida chomwecho chimene ndinachiyamikira pamwambapa ndicho chinabisa mpata umenewu, ndipo palibe wina amene ndingamuloze chala koma ine mwini.

Ndikanalemba ndemangayi Lachitatu usiku, ndikanauza mnzanga uja kuti alipire mosazengereza. Koma Lachinayi masana, ndili pakati pobwereza zithunzi 80 zija, pulogalamuyo inandipempha kuti ndilowenso mu akaunti, ndipo pasiwedi imene ndinali nayo inakanidwa.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo n'kufotokoza mmene ndinapezera pulogalamuyi. Lightroom inayamba mu 2007 ngati pulogalamu yogula kamodzi, ndipo Lightroom 6 ya mu 2015 ndiyo inali yomaliza kugulitsidwa motero. Masiku ano munthu amachita ngati lendi, kulipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Mtengo umene unkalembedwa panthawi imene ndinkayamba unali madola 9.99 pamwezi, kapena 119.88 pachaka, pamodzi ndi Photoshop. Aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha pa intaneti m'madola ali kuno kumudzi m'zaka zimenezi akudziwa mmene kusowa kwa ndalama zakunja kwavutitsira, ndipo khadi langa silinkadutsa. Munthu amene anandigulitsa laputopu uja anandiuza kuti akhoza kundikonzera chaka chathunthu ndikamulipira m'makwacha, pamtengo wotsikirapo kuposa umene ndikanalipira ndekha. Anandilembera imelo ndi pasiwedi papepala. Imeloyo sinali yanga, ndipo lisiti sanandipatse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ndiyenera kuvomera kuti mtima wanga unandiuza tsiku lomwelo kuti mtengowo ndi wokayikitsa, koma ndinkafuna kuyamba ntchito.

Vuto limodzi linakhalapo chaka chonse. Masabata awiri kapena atatu alionse, nthawi zina ndili pakati pa ntchito, pankatuluka uthenga wonena kuti akauntiyo yafika malire a makompyuta ololedwa, ndipo kuti ndipitirize ndiyenera kutulutsa kompyuta ina. Nthawi yoyamba ndinaimbira wogulitsa uja, ndipo anati, "Bwana, musadandaule, ndi netiweki chabe. Ingodinani pamene akunenapo." Ndinadina, zinatheka, ndipo ndinazolowera kudina. Ulendo wina uthengawo unandipeza ndili ku Mangochi kumene intaneti inali yofooka, ndipo ndinataya madzulo onse. Mu Seputembala 2024 ndinamulipiranso chaka chachiwiri, pamtengo wokwera kwambiri, iye akunena kuti kwacha inagwa, zomwe zinali zoona. Panthawi yonseyi ndinkaganiza kuti pulogalamuyo ndiyo ili ndi chilema, ndipo ndinauzapo anthu angapo motero. Zoona zake n'zakuti akaunti ya munthu mmodzi imaloledwa kukhala yotsegula pa makompyuta awiri, ndipo onsewo ayenera kukhala a munthu yemweyo. Nthawi iliyonse imene ndinkadina batani lija ndinkatulutsa wojambula mnzanga kwinakwake, mwinanso ali pakati pa ntchito ya kasitomala, ndipo iyenso akadina ankanditulutsa ine.

Lachinayi limenelo wogulitsa uja sanayankhe foni yake, choncho ndinakwera minibasi n'kupita kushopu kwake. Ndinamupeza, ndipo nditamufunsa modekha koma mosabwerera m'mbuyo, anavomera kuti akauntiyo tinkagawana anthu asanu, ndipo mmodzi wa iwo, atatopa ndi kutulutsidwa, anasintha pasiwedi. Anati, "Achimwene, pepani, ndikupatsani ina madzulo ano, iyi ili ndi anthu ochepa." Ndinakana. Ndinamuuza kuti nkhani ya laputopu sindimuimba mlandu, popeza inali yogwiritsidwapo kale ntchito, inanditumikira chaka ndi miyezi iwiri, ndipo miyezi itatu ya galanti imene anandilonjeza pakamwa inali itadutsa kalekale. Koma kundigulitsa chinthu cha anthu asanu ngati changa ndekha, n'kumandiuza chaka chonse kuti ndi netiweki, chimenecho sindikanachilola, ndipo ndinapempha kuti andibwezere ndalama za miyezi khumi yotsala. Tinakambirana kwa ola lathunthu. Ndikudziwa kuti iyenso madola amawapeza movutikira, ndipo sanandinyoze kapena kundithawa nditafika, koma anavomera kubweza gawo chabe, ndiponso pang'onopang'ono.

Usiku womwewo mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg analipira ndi khadi lake pa akaunti imene ndinatsegula ndi imelo yanga, ndipo tinagwirizana mmene ndimubwezere. Catalog yatsopano ija inatseguka monga mmene ndinaisiyira, chifukwa catalog imakhala pa kompyuta ya mwini wake osati mu akaunti. Zithunzi za ukwati ndinapereka Loweruka madzulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo uthenga wa malire a makompyuta sunatulukenso.

M'masiku amene ndinali wokwiya ndinatsimikiza zosiya kulipira chilichonse, ndipo ndinaika darktable, pulogalamu yaulere imene anthu odzipereka akhala akuipanga kuyambira 2009. Ndinaikonda pa chinthu chimodzi chachikulu: imalemba timafayilo ta XMP yokha kuyambira tsiku loyamba, popanda kuiuza, ndipo imatipatsa dzina losiyana pang'ono, lothera ndi .NEF.xmp, moti sitiphana ndi ta Lightroom m'foda imodzi. Inawerenga nyenyezi zanga ndi mawu ofufuzira, n'kutengako zina mwa zokonza zosavuta monga kudula. Koma zithunzi sizinaoneke mmene ndinazisiyira, chifukwa pulogalamu iliyonse imawerengera kuwala ndi mitundu m'njira yakeyake, ndipo nambala yolembedwa ndi ina siitanthauza chimodzimodzi kwa inzake. Choncho XMP imateteza ntchito yanu ku imfa ya kompyuta, koma siikumasulani kwathunthu ku pulogalamu imene munakonzera. Ndinayesanso NX Studio, yaulere ya Nikon, imene imatulutsa mitundu yofanana ndi ya m'kamera. Zonse ziwiri n'zoyenera kuziphunzira, koma Disembala ndi mwezi wa maukwati, manja anga anazolowera kwina, ndipo sindingaphunzirire pa zithunzi za anthu amene alipira. Ndakonza zoti ntchito ikachepa, ndidzakhale pansi ndi darktable mofatsa.

Pa nkhani ya ndalama, chiwerengero chake n'chosavuta koma n'cholemera. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pafupifupi K1,700. Madola 119.88 omwewo anachoka pa K141,000 kufika pa K204,000 pamtengo wa kubanki, ndipo amene amapeza madola kunja kwa banki amalipira zoposa pamenepo. Mitengo imene ndimalipiritsa pa ukwati sinakwere mofanana, chifukwa makasitomala anga nawonso akulira. Pamwamba pake pali ma hard drive amene amadzaza chaka chisanathe, bandulo, ndi SSD yatsopano. Kwa ine amene ndimajambula mwambo pafupifupi sabata iliyonse m'nyengo yachilimwe, maola amene pulogalamuyi imandipulumutsira amabweza ndalamazo, malinga ndalipira kamodzi osati kawiri monga mmene zachitikira chaka chino. Kwa munthu wojambula kamodzi pamwezi, sindikuona kuti zingabwerere. Chimene chimandikhazika mtima pansi n'chakuti munthu akasiya kulipira, gawo losanjira zithunzi lotchedwa Library limagwirabe ntchito, moti angathe kuona zithunzi zake ndi kuzitulutsa pamodzi ndi zokonza zake, ndipo amene amatsekedwa ndi magawo a Develop, lokonzera zithunzi, ndi Map. Koma mwayi umenewu ndi wa munthu amene akaunti ndi yake.

Pano backup ya catalog imapita pa hard drive yakunja nthawi iliyonse ndikatseka pulogalamu, ndipo kamodzi pamwezi ndimafufuta yakale kwambiri. Hard drive yachiwiri imagona kunyumba kwa mkulu wanga ku Area 25, ndipo ndimakaitenga Lamlungu lililonse m'malo mwa kamodzi pamwezi. Kamera ndinaiuza kuti izilemba chithunzi chilichonse pa makhadi onse awiri. Zithunzi zakuda ndi zoyera ndimazisunga ngati Snapshot, njira yosungira maonekedwe ena a chithunzi chomwecho, popeza zimenezo zimalowa mu XMP, ndipo zimene kasitomala wasankha ndimazilemba ndi mawu ofufuzira kuwonjezera pa Collection. Ndikakonza zithunzi hard drive ili kutali, chinthu choyamba ndikafika kunyumba ndi kuilumikiza n'kudina Ctrl ndi S. Ntchito iliyonse ikatha ndimatulutsa ma JPEG akuluakulu n'kuwasunga m'foda yomweyo pambali pa ma NEF, chifukwa amenewo amatseguka pa kompyuta iliyonse popanda kulowa mu akaunti ya munthu.

Mnzanga uja ndinamuimbira Lachiwiri n'kumufotokozera zonsezi. Ndinamuuza kuti pulogalamuyo ndi yabwino kuposa mmene ndinanenera poyamba, ndipo kuti alipire pokhapokha ngati ali ndi ntchito yokwanira komanso njira yolipirira pa imelo yakeyake. Ngati alibe, ayambe ndi darktable, popeza iye manja ake sanazolowere kwina kulikonse. Anandipempha nambala ya munthu amene amakonzera anthu akaunti motchipa, ponena kuti anamva kuti ndimamudziwa, ndipo ndinamukaniza. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali abwere ndi hard drive yake kuti tikonze mayina a mafoda ake zithunzi zisanachuluke. Wogulitsa uja wanditumizira kale magawo awiri a ndalama pa foni, lachitatu silinafike, ndipo ndamuuza kuti ndidzafikanso kushopu kwake kumapeto kwa mwezi uno.